Thandizeni abale: galimoto ya rimoti ya T-Maxx yoyendera mafuta a nitro yomwe abwana andisiyira yakana kulira

Bambo a Yamikani, Randburg

Moni nonse pagulu pano. A admin mundikhululukire, ndikudziwa kuti pano timakamba za ntchito, za ma transporter ndi za mapepala, koma lero ndabwera ndi nkhani ya choseweretsa. Musaseke kaye.

Ndimagwira ntchito ya m'garden. Abwana anga asamukira ku Cape Town mwezi watha, ndiye tikusesa m'galaja tinapeza kagalimoto ka rimoti pamwamba pa shelefu, fumbi lokhalokha. Matayala ake ndi aakulu ngati chikhatho changa, ma shock alipo 8, awiri pa tayala lililonse. Pa bodi palembedwa Traxxas T-Maxx, pa injini TRX 2.5. Kanali ka mwana wawo, yemwe pano ndi bambo wa ana awiri. Akuti kanalira komaliza zaka zoposa 10 zapitazo. Anangoti tenga ukampatse mwana wako, n'kundiwonjezera rimoti ya mlongoti wautali ija, cholizira cholembedwa EZ-Start, ndi botolo la mafuta lotsala theka.

Loweruka ndinatchaja batire, n'kuthira mafuta a m'botolomo. Ndikadina batani chimangoti "kwii" n'kusiya. Ndayesa kuzunguza flywheel (kagudumu kozungulira limodzi ndi injini) ndi chala, olo kusuntha. M'thanki pansi muli zinthu zofiirira zomata ngati uchi wouma. Mnzanga wa pa yadi akuti ndigwire ndi pulayazi ndipotokole mwamphamvu, kenako ndithire petulo wosakaniza ndi two-stroke monga timachitira ndi makina odulira kapinga. Mtima wanga wakana, ndiye ndati ndifunse kaye.

Injiniyi yafa kapena ingadzuke? Ndikufuna kupita nako ku Mangochi mu December. Ndinalakwitsa kumutumizira Yamikani chithunzi pa WhatsApp, pano foni iliyonse moni wake ndi "adadi, yalira?"

Mjomba wa ku Turffontein

Kkkkk anthu akusaka ndalama ya renti inu mukusaka choseweretsa. Gulitsani pa Marketplace mumugulire mwana njinga basi.

Che Ajusa, makaniko ku Mayfair

A Bambo a Yamikani, pulayazi ija ibwezeni komwe munaitenga. Ndakonzapo zingapo za makasitomala anga, ndipo zambiri zimene zinafika zitathyoka mkati, anathyola ndi eni ake pokakamiza. Kamkono kolumikiza pisitoni ndi crank ndi kakang'ono kwambiri, sikapirira mphamvu ya dzanja la munthu wolima.

Petulonso ayi. Injini imeneyi ilibe spark plug ngati ya makina a kapinga. Ili ndi glow plug, kawaya kopiringizika komwe kamafiira mukakapatsa moto wa batire, ndipo injini ikalira kamapitiriza kufiira kokha chifukwa cha methanol. Mafuta ake ndi methanol, nitromethane ndi oyilo zosakanizidwa kale. Petulo sangalire, komanso amatupitsa mapaipi a silicone aja.

Chagwira injini yanu ndi oyilo wa m'mafutamo. Ambiri amakhala ndi mafuta a nsatsi, nsatsi zomwezi timazidziwa kumudzi. Methanol akauluka, oyiloyo amatsala n'kuuma ngati phula. Nthawi zambiri si imfa, ndi tulo chabe. Chitani izi mosathamanga. Chotsani glow plug, musataye kawashala ka kopa kali pansi pake. Donthezani oyilo wa after-run (wothira mu injini mukamaliza kuyendetsa kuti isachite dzimbiri) pa bowolo komanso mu kabureta, akasowa ATF ya ma gearbox a automatic imagwira. Isiyeni usiku wonse. Mawa lake bwerekani chowumitsira tsitsi, mutenthetse injini mpaka chala chizikana kukhalapo, kenako muzigwedeza flywheel ndi chala uku ndi uku, pang'onopang'ono. Ikakana bwerezani mawa linalo.

Ikamasuka mudzaona kuti pisitoni ikafika pamwamba imalimba pang'ono. Musaope, anapanga dala, chifukwa pisitoni yake ilibe ma ring. Kulimbako ndiye compression. Yomwe imangozungulira pululu pulagi ili m'malo mwake, imeneyo ndiye yatha.

Mafuta a m'botolo la abwana aja musawagwiritsenso ntchito. Methanol amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo botolo lotsegulidwa kale lomwe lakhala zaka zonsezo layamwa madzi. Gulani atsopano a 20% nitromethane ku shopu ya zinthu za RC (zoseweretsa za rimoti), mugulenso mapaipi atsopano, ma glow plug awiri ndi oyilo wa air filter. Kasiponji ka air filter kakamanyenyeka m'manja, katayeni. Fumbi la kuno nthawi ino yozizira mukulidziwa, kuyendetsa popanda filter ngakhale thanki imodzi ndi kuthira mchenga mu injini.

Mai a Tadala, Cosmo City

Za injini ine sindilowererapo, koma methanol ndi poizoni achimwene. Amapha, ndipo wopulumuka amatha kuchita khungu. Musathire mu botolo la Fanta kapena la madzi, pa yadi pamakhala ana. Moto wake masana suoneka bwino, choncho osasuta pafupi. Komanso musalizire m'chipinda chotseka ngati mmene ena amachitira ndi mbaula mu June.

Braz K

Bwanji osangopopera Q20 basi? Ine chilichonse chogwira dzimbiri ndimathana nacho choncho.

Che Ajusa, makaniko ku Mayfair

Pomasula phula ingathandize ndithu, Braz, sindikukana. Bola osapopera pa ma servo (timamota tokhotetsa matayala ndi kuponda moto) ndi pa receiver (kabokosi kolandira uthenga wa rimoti), ndiponso osapopera pa clutch, ingayambe kuterereka.

Bambo a Yamikani, Randburg

Abale ndabweranso. Che Ajusa, Mulungu akudalitseni. Tsiku loyamba inakana. Lachiwiri ndinabwereka chowumitsira tsitsi kwa mayi wa nyumba yoyandikana, anandiyang'ana kumutu, mpala wanga uno, osafunsa kanthu. Nditatenthetsa ndinamva kuti "tche", flywheel n'kusuntha pang'ono ngati chikhadabo. Ndinapitiriza kugwedeza mpaka inazungulira yonse, pa bowo la pulagi n'kutuluka zakuda zonunkha. Pamwamba ikulimba monga munanenera.

Thanki ndatsuka, mapaipi ndasintha, mafuta ndagula (mtengo wake ndinakhala kaye chete pa kauntala). Koma pabuka vuto lina. Ndikadina EZ-Start mota ikulira bwinobwino, koma flywheel siikuzungulira. Nthawi zina imagwira kamodzi n'kutayanso.

Che Ajusa, makaniko ku Mayfair

Imeneyo ndi one-way bearing, matenda odziwika a T-Maxx. Ili kumbuyo kwa injini, pomwe EZ-Start imamangiriridwa. Ntchito yake ndi kugwira shafti mbali imodzi n'kumasuka mbali inayo. Oyilo amene mwathira uja pamodzi ndi phula lakale zalowamo, ndiye ikuterereka. Masulani EZ-Start, koma musanaichotse bearing ijambuleni ndi foni, chifukwa mukaibweza chagada siigwira n'komwe. Itsukeni ndi methylated spirit, pukutani shafti, ziume, bwezerani. Ikapitiriza kuterereka gulani ina, ndi kachinthu kakang'ono.

Muli pomwepo yang'anani nyali ziwiri za pa chogwirira cha EZ-Start. Ya glow plug ikapanda kuyaka ndiye kuti pulagi yapsa kapena kawaya kabuluu kopita pa pulagi kaduka. Ndipo mota ikalemedwa mwadzidzidzi ngati injini yagwiranso, siyani kudina msanga, mafuta adzaza mkati. Chotsani pulagi, tembenuzani galimoto chadodolido, phimbani bowo ndi kansanza, dinani masekondi ochepa atuluke. Nkhope kutali.

Bambo a Yamikani, Randburg

YALIRA! Ndinatseka ekizozi ndi chala pang'ono mpaka mafuta anafika pa kabureta, kudinanso kawiri basi inayamba. Agalu a mu street yonse anauwa. Koma utsi wake ngati tikuotcha njerwa, ekizozi ikulavula mafuta, ndipo ndikaponda moto imachita ngati ikutsamwa kenako n'kuzima. Masingano a pa kabureta, ochepetsera kapena kuchulukitsira mafuta, ndinaika monga buku la pa intaneti likunenera, yaikulu ija maulendo 4 kuchoka potseka.

Achimwene a ku Kempton

Apa ndilowererepo. Maulendo 4 aja ndi poyambira chabe, anaika mafuta ambiri dala kuti injini yatsopano isapse. Tsono kuno ku Joni tili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja ya mchere. Mpweya ndi wopepuka, oxygen ndi wochepa, ndiye mafuta omwe angakwanire ku Durban kuno amachuluka. N'chifukwa chake ikutsamwa.

Iyendetseni kaye itenthe, osatchuna injini yozizira. Kenako singano yaikulu muzitseka molowera kumanja pang'ono kwambiri. Yerekezani kuti ndi wotchi, musunthe ola limodzi lokha, muyendetse maulendo awiri atatu, mumvetsere, kenako ola linanso. Mudzamva mawu akuyera, liwiro likubwera, giya yachiwiri ikulowa. Pamenepo ndi pomwe anthu amaonongera, chifukwa imakoma ndiye amangotsekabe. Kumbukirani kuti oyilo wa injiniyi ali m'mafuta momwemo, mukachepetsa mafuta mwachepetsanso oyilo. Utsi wopyapyala uzionekabe nthawi zonse mukaponda. Ukasowa, kapena ikayamba kudukiza pa liwiro, imani mutsegule singano msanga. Kutentha kusapitirire 130°C. Ngati mulibe choyezera donthezani dontho la madzi pamutu pa injini. Likakhala masekondi angapo lili bwino, likangothetheka n'kusowa nthawi yomweyo yatentha kwambiri.

Singano yaing'ono muiyese pomaliza. Injini ikulira payokha, tsinani paipi ya mafuta pafupi ndi kabureta. Iyenera kulira masekondi 2 kapena 3, kukwera mawu pang'ono, n'kuzima. Ikazima nthawi yomweyo mafuta achepa, ikachedwa kwambiri achuluka.

Che Ajusa, makaniko ku Mayfair

Zoona zonsezo. Koma musanaiyike pansi, chonde onani za rimoti. Ya mlongoti wautaliyo ndi 27MHz ya ma crystal, yakalekale. Tsegulani kabokosi ka mabatire 4 a receiver, mwina adatayikira kale n'kudya mawaya. Mabatire amenewo akatha muli pa liwiro, servo imaima pomwe inali, galimoto n'kuthawa yokha. Ndinaonapo ina itathawa choncho pa bwalo la mpira, inakaima pa khoma, kutsogolo konse zidutswa. Bwenzi ali mwendo wa mwana. Onani kuti kasipuling'i kobweza throttle (chopondera moto) kalipo, ndipo mukapeza ndalama gulani rimoti ya 2.4GHz yokhala ndi fail-safe (yotsitsa moto yokha uthenga wa rimoti ukatayika). Poyatsa muziyamba rimoti kenako galimoto, pozimitsa rimoti ikhale yomaliza.

Mukamaliza kusewera tsiku lililonse, khuthulani thanki, lizani injini mpaka mafuta otsala mkati athe, donthezani after-run, zunguzani. Akanachita zimenezi mwana wa abwana bwenzi simunabwereke chowumitsira tsitsi.

Mai a Tadala, Cosmo City

Funso langa ndi lina. Mwati mukufuna kupita nako ku Mangochi. Mafutawo mudzanyamula bwanji? Ndi zinthu zoyaka moto, pa ndege salola n'komwe, ndipo pa basi ya masiku awiri yodzaza ndi anthu ndi katundu, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza ndi kutentha kwa ku Tete kuja, ine sindingakhale nanu mpando umodzi. Nanga akatha, Yamikani adzagula kuti? Kathankiko ndi ka 125cc, mphindi zochepa kauma. Mwana wa zaka zingati kodi?

Bambo a Yamikani, Randburg

Ali ndi zaka 11, mayi. Kunena zoona za mafuta sindinaziganizire, ndimangoona nkhope yake akulandira.

Achimwene a ku Kempton

Kuwonjezera apo, Mangochi ili pansi, sipafika ndi mamita 500. Injini yotchunidwa kuno mukakailiza kumeneko osatsegula singano, mpweya udzachuluka, mafuta n'kuchepa, ndi dzuwa la December la kunyanja lija. Thanki imodzi kapena ziwiri pisitoni yapita. Mukapita nayo bwezani kaye pa maulendo 4 muyambirenso. Koma kunena mosabisa, nitro si ya mwana wa zaka 11 ali yekha. Ndi ya bambo ndi mwana pamodzi, bambo atagwira screwdriver.

Mjomba wa ku Turffontein

Ndinanena ine. Njinga sifuna methanol.

Braz K

Mjomba khalani chete, inu munagula sipika ya R3,000 renti musanalipire kkkk.

Bambo a Yamikani, Randburg

Ndakambirana ndi mayi ake usiku wathawu. Tagwirizana kuti T-Maxx itsala kuno. Ndimugulira kagalimoto kakang'ono ka batire kotchaja pa sola, ndipo pasipoti yake ikatuluka adzabwera ndi mayi ake pa holide adzayendetse yaikuluyi ndili pambali. Yamikani analira pang'ono, koma nditamutumizira vidiyo ikulira anaionetsa kalasi yonse.

Dzulo ndinatseka singano maola atatu monga ananenera achimwene a ku Kempton, ndipo giya yachiwiri yalowa koyamba, ndinachita kudzidzimuka. Utsi ukuonekabe. Sipuling'i ya throttle inalipo koma yadzimbiri, ndasintha. Chatsala ndi ma shock, atatu akutayikira ndipo kumbuyo kwakhala pansi ngati bakkie ya transporter yopita ku Lilongwe. Che Ajusa, m'menemo ndingathire oyilo wa galimoto wamba kapena pali wake? Ndipo Lamlungu masana mumapezeka ku Mayfair? Ndibwera nayo mu chikwama, zakumwa ndi zanga.

Che Ajusa, makaniko ku Mayfair

Pali wake, wa silicone, mugule 30wt pamodzi ndi ma O-ring a ma shock onse 8, osati atatu okhawo. Lamlungu ikakwana 2 koloko ndilipo. Thanki ibwere yopanda mafuta, mukukwera taxi ndi anthu.