Masensa a ophunzira anga akulephera kuyeza madzi osavunduka kwambiri

Akuluakulu ndi aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru zanu. Ndimaphunzitsa ophunzira a uinjiniya a chaka chachitatu, ndipo teremu ino ndawapatsa ntchito yopanga sensa yoyezera kuvunduka kwa madzi pogwiritsa ntchito kuwala. Tikutsatira muyezo wa mayiko onse woyezera kuvunduka kwa madzi wa ISO 7027: LED (kababu kakang'ono) ya infrared, kuwala kosaoneka ndi maso, ya 860 nm imawalitsa m'kabotolo ka madzi, photodiode (kachipangizo komva kuwala) yoikidwa pa madigiri 90 kuchokera komwe kuwalako kukulowera imalandira kuwala komwazidwa ndi tizinyalala toyandama m'madzimo, ndipo Arduino (kakompyuta kakang'ono) imawerenga zotsatira zake.

Madzi akakhala amatope zonse zimayenda bwino, koma akakhala oyererako, pansi pa 5 NTU (muyeso wa kuvunduka kwa madzi), manambala amangodumphadumpha. Tsiku lina wophunzira wina anangotsegula katani ya pazenera, nambala n'kukwera pomwepo ngakhale kuti madzi anali omwewo. Tinakulunga chipangizocho ndi tepi yakuda, vutolo linachepa koma silinatheretu. Ine ndikukayikira kuti magawo 1,024 omwe Arduino Uno imawerengera ndi osakwanira pa kuwala kofooka chonchi. Kodi ndiwaphunzitse kaye kuyatsa ndi kuzimitsa LED n'kumachotsera kuwala kwa panja, kapena ndiyambire pa amplifaya, yokulitsa mphamvu yamagetsi yochokera ku photodiode?

Chinanso n'chakuti formazin, yomwe ndi madzi ovundulidwa pa mlingo wodziwika omwe masensawa amafananitsidwa nawo, imapangidwa ndi hydrazine sulfate, mankhwala oopsa omwe sindikufuna kuti ophunzira aziwagwira. Ena amandilangiza mkaka wosungunula m'malo mwa formazin, koma sindiukhulupirira kwenikweni. Inuyo mumagwiritsa ntchito chiyani m'kalasi?