Msana ukupwetekabe chichitireni opaleshoni, nkulakwa kukaonana ndi dokotala wina?

Mphunzitsi wa ku Luchenza

Abale ndigawireniko nzeru. Chaka chatha ndinapangidwa opaleshoni ya msana ija amalumikiza mafupa awiri ndi zitsulo, pa pepala analemba L4 ndi L5, kafupa kena anachita kudula m'chiuno mwangamu nkukaika pamenepo. Poyamba zimayenda ndithu, dzanzi la mwendo wamanzere linatha mpaka ndinabwerera kusukulu, koma pano patha miyezi 14 ululu wabweranso, ndikakhalitsa pampando kudzuka kwake ndi nkhondo, usiku potembenuka ndimamva ngati chinthu chikubaya kumunsi kwa msana, minibasi ya ku Limbe ndikatsika ndimayamba ndaima kaye pa siteji. Ndi chiperoni chinochi ndiye zanyanya. Adokotala omwe anandipanga amangoona X-ray nkuti zitsulo zili m'malo pirirani, basi panado ndi bufeni. Sindikuwanyoza ayi anandithandiza kwambiri, koma mtima sukukhazikika. Apongozi anga akuti kupita kwa dokotala wina ndi chipongwe, munthu anakutsegula msana iwe nkukamuneneza kwa mnzake. Zoona zimenezi?

Bambo a ku Chonde

Pepani achemwali, ine ndadutsamo. Ndinali dalaivala wa thalakitala ku esiteti ya tiyi, anandipanga yomweyo ndipo ululu sunathe, chaka chonse kumangondiuza kuti zitsulo zili bwino. Nditaonana ndi dokotala wina anandijambula CT scan, kupezeka kuti mafupa aja sanagwirane nkomwe ndipo sikuluwu imodzi inali itayamba kugwedera. Anandifotokozera kuti zitsulo ntchito yake ndi kungogwiriziza, chenicheni nchakuti fupa limere lilumikize awiriwo. Ine ndinkasuta fodya, ndipo fodya amalepheretsa fupa kumera, ndinasiya tsiku lomwelo. Pitani amayi, msana ndi wanu, apongozi sagona ndi ululuwo.

Wazachipatala ku Thyolo

Mayi, si chipongwe ngakhale pang'ono, madokotala nawonso amafunsana okhaokha. Muwauze mwaulemu omwe anakupanganiwo kuti mukufuna wina aonekonso, akupatseni lipoti la opaleshoni ndi zithunzi zonse, za kale ndi za pambuyo pake, muphatikize ndi buku lanu la kuchipatala. Mukapita chimanjamanja dokotala watsopanoyo ayambira pa ziro ndipo ndalama zithera kujambulanso.

Zomwe a ku Chonde anenazo zimachitika, koma sizokhazo. Fupa limatha kutenga chaka kapena kupitirira kuti ligwirane bwinobwino. Kwa ena malo omwe analumikizawo ali bwino, koma poti sakupindikanso, katundu yense amagwera mfundo yapamwamba kapena yapamunsi nkuyamba kutha msanga, kwa ena ndi polumikizira msana ndi chiuno, ena ndi chipsera chamkati chomwe chikufinya mtsempha, enanso ndi pomwe anadula kafupa paja. Pali matenda olowa pa zitsulo omwe amabisala osatulutsa mafinya, ndipo kwathu kuno TB ya msana sitimaiiwala, nchifukwa chake amayeza magazi ESR ndi CRP, zomwe zimaonetsa ngati m'thupi muli kutupa kapena matenda. X-ray yongoima siiona zonsezi, pamafunika ina mutawerama ndi mutapindikira kumbuyo, CT ya mafupa, MRI ya mitsempha. Za MRI muwauze kuti muli ndi zitsulo, zambiri za masiku ano ndi za titanium sizivuta koma aone okha pa lipoti.

Yambirani pa chipatala cha boma cha Thyolo kapena Mulanje mutenge kalata yopita ku Queens, ku Lilongwe kulinso chipatala cha LION chomwe chimaona za mafupa ndi mitsempha. Ndipo kuonana ndi wina sikutanthauza opaleshoni yachiwiri ayi, ambiri amathandizidwa ndi mafizo komanso kusintha mankhwala. Bufeni wa tsiku ndi tsiku miyezi yambiri amayambitsa zilonda zam'mimba ndi kuononga impso, zimenezi mukazitchule.

Koma mukaona mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka chokha kapena kukanika, dzanzi pakati pa ntchafu, mwendo kufooka, kutentha thupi, kapena bala kutuluka madzi, musadikire kalata, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Anganga a ku Bvumbwe

Mwanawe chonde asakunamize munthu zotemera mphini pamsana pomwe pali zitsulo. Komanso kabaza wa njinga yamoto m'misewu yafumbiyi umuleke kaye, ndi ndowa pamutu, utume ana.

Mphunzitsi wa ku Luchenza

Zikomo nonse, misozi yalengeza powerenga. Zoopsa mwatchulazo ndilibe, fodyanso sindisuta, koma bufeni ndiye ndamwa kuyambira Epulo ndipo m'mimba mumaotcha, sindimadziwa kuti zikugwirizana. Lolemba ndikapempha mapepala anga, abambo akunyumba avomera kundiperekeza. A ku Chonde, sikuluwu yogwederayo anachita kukutsegulaninso kapena anaisiya?