Matabwa a oak akung'aluka, ndiwaumitse bwanji kuno ku Joni?

Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Akalipentala ndi ena odziwa za matabwa, ndithandizeni maganizo chifukwa mutu waima.

Ndimakhala ku Turffontein ndipo ndimagwira ganyu yodula mitengo m'mayadi. Mu Epulo tinagwetsa mtengo waukulu wa oak ku Parkview, eni ake anati nditenge zigogo. Ndinakachekesa, panatuluka matabwa 14 okhuthala 50 mm. Ndinawayedzamiritsa kukhoma padzuwa miyezi iwiri monga tinkachitira ndi paini wa ku Chikangawa kumudzi. Kuwagwira anali gwa, ndiye ndinapangira mayi ena tebulo. Patangotha masabata atatu ananditumizira chithunzi: mng'alu wolowa ndalama yachitsulo wayenda kuchokera kumapeto mpaka pakati, ndipo thabwa limodzi lapindika ngati bwato, kapu ya tiyi ikuchita kugwedera. Ndinabweza ndalama, koma manyazi ake sanandichokebe.

Atsala matabwa 10, ndipo pali banja lomwe likufuna tebulo lodyera pofika Disembala. Mnzanga wina akuti m'mafakitale amaumitsa ndi nthunzi yotentha kwambiri, amati superheated steam, masiku ochepa basi zatheka. Kodi ndingapange zimenezi ndi mgolo wachitsulo ndi nkhuni? Ngati ayi, nditani?

Kalipentala wa ku Kempton Park:
Pepani achimwene, koma vuto linayambira pakhoma paja. Oak si paini. Mpweya wa kuno m'nyengo yozizira ndi wouma koopsa, umaumitsa khungu la thabwa mkati mukadali madzi. Kunja kukufuna kufota, mkati mukukana, ndiye thabwa limang'ambika. Akuluakulu a ntchitoyi amawerengera pafupifupi chaka chimodzi pa 25 mm iliyonse ya mtengo wolimba. Anu a 50 mm ndi nkhani ya zaka ziwiri, ngakhale kuno amafulumirako pang'ono.

Achotseni padzuwa lero lomwe. Yalani njerwa zokwera kufika m'bondo pamalo amthunzi podutsa mphepo, musanjepo matabwa mogoneka. Pakati pa thabwa ndi linzake ikani timitengo touma tokhuthala 20 mm, totalikirana theka la mita, ndipo tiyang'anizane kuchokera pansi mpaka pamwamba, apo ayi matabwa amakhota. Dulani mbali zong'aluka, kumapetoko mupake penti wokhuthala kapena phula la kandulo, chifukwa madzi amathawira kumapeto msanga kuposa m'mbali. Pamwamba lata ndi miyala yolemera. Mvula ya mabingu iyamba mu Okutobala, isawapeze pamtunda.

Bambo wogwira ntchito kocheka matabwa ku Sabie:
Za mgolozo musayerekeze, mwana wanga. Ndakhala pa ma uvuni oumitsira matabwa zaka zambiri, ndikufotokozereni. Nthunzi yotuluka mumphika ndi yonyowa, imathandiza popinda thabwa koma siumitsa. Superheated steam ndi nthunzi yomwe yatenthetsedwanso kupitirira pomwe madzi amawirira, mpaka imasanduka youma, yaludzu, yotha kumwa madzi ena. Mafani amaizunguliza m'chipinda chotsekedwa, kutentha kumalowa mpaka pamtima pa thabwa, madzi a mkati amawira n'kudzikankha okha kutuluka. Paini amapirira zimenezi, amauma m'masiku ochepa pa kutentha kopitirira 100°C.

Koma oak wamuwisi mukamupatsa moto wotere amafwapa, amada, ndipo mkati mumang'ambika timing'alu ngati zisa za njuchi. Kunja amaoneka bwinobwino, mudzazindikira tsiku lopala. Bulugamu nayenso khalidwe lake ndi lomweli. N'chifukwa chake mitengo yovuta amaiika m'thanki yomwe apopamo mpweya, kuti madzi aziwira pa kutentha kochepa, ngati 60°C. Mfundo yake mukuidziwa kale: kuno ku Johannesburg tili pamtunda wa mamita oposa 1,700 pomwe mpweya ndi wopepuka, ndiye madzi amawira asanafike 100°C, cha pa 94°C, n'chifukwa nyemba zimachedwa kupsa. Makinawo amangopititsa patsogolo zomwezo. Ndi odula, ndipo amafuna magetsi osathimathima. Mgolo mukautseka n'kusonkhezera moto, mwapanga bomba pakhomo pomwe pali ana.

Mayi wopanga mashelefu ku Cosmo City:
Achimwene, siyani kuyeza ndi dzanja, dzanja limanama. Ngati mulibe kamakina koyezera chinyontho, chekani kachidutswa pakati pa thabwa, osati kumapeto, mukayeze pa sikelo ya kukhitchini. Kaikeni mu uvuni pa 103°C, muzikayeza mpaka kulemera kutasiya kutsika. Tinene kanali magalamu 500, katsala 340. Madzi otuluka ndi 160, mugawe ndi 340, ndiye kuti 47 peresenti. Thabwa limayamba kufota zenizeni likatsika pansi pa 30, ndipo tebulo la m'nyumba kuno limafuna lifike cha pa 10. La ku Durban likhoza kukhala lonyowerapo chifukwa mpweya wa kunyanja ndi wachinyontho.

Ine ndinamanga kachisakasa ka pulasitiki yoonekera, mkati ndinapaka penti wakuda, ndinaika kafani ka sola. Kamandithandiza, koma ndimalowetsamo matabwa omwe ayamba auma pamthunzi miyezi ingapo.

Mnyamata wa m'magadeni ku Randburg:
Amalume, musanachite chilichonse yang'anitsitsani matabwawo ngati alibe timabowo tating'ono ngati pobaya nsonga ya bolopeni, ndi mizere yakuda mkati. Kuli kachilombo kotchedwa shot hole borer komwe kapha mitengo yambiri m'madera a kumpoto kwa tauni, ndipo kamakonda kwambiri oak. Mtengo wogwidwa sayenera kuusamutsa, mumafalitsa. Matabwa otumiza kunja amawatenthetsa mpaka mkati mufike 56°C kwa mphindi 30 kuti tizilombo tife, ndiye ngati mwapeza mabowo, funsani eni uvuni za zimenezo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu bambo a ku Sabie, mgolo ndinali nditagula kale. Ndayeza monga mwanenera mayi, kachidutswa katuluka 31 peresenti, patatha miyezi isanu. Mabowo ndayang'ana ndi tochi thabwa lililonse, sindinawaone. Ndasanja kuseri kwa nyumba komwe dzuwa silifika, kumapeto ndapaka penti. Banja lija ndaliimbira, ndawauza zoona, agwirizana kuti la Disembala ndipange ndi mlombwa wouma kale, womwe kuno amati kiaat. Funso latsala limodzi: alipo akudziwa malo kufupi ndi kuno omwe amalola munthu wamba kubweretsa matabwa ochepa ngati 10 kuti amalizitse mu uvuni akadzafika cha pa 20 peresenti? Amalipiritsa pa thabwa kapena pa katundu yense?