Wandibweretsera zinsinsi za kampani yomwe tikulimbirana nayo makasitomala, ndilandire?

WaSola walemba:

Abale, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kampani yaing'ono yoika magetsi a sola m'nyumba ndi m'masukulu. Chaka chino ntchito zikuluzikulu zakhala zikutipulumuka, zonse n'kumagwera kampani imodzi. Timatsitsa mtengo mpaka phindu n'kutsala lochepetsetsa, koma iwo amatsikabe kuposa pamenepo, ndipo sindikumvetsa kuti amadyera pati. Sabata yatha kunabwera mnyamata wofuna ntchito yemwe wangosiya kumeneko. Tili mkati mocheza anatulutsa flash m'thumba n'kuiika patebulo, akuti muli mitengo yawo yonse, mayina a makasitomala, ndi komwe amaoda mapanelo ndi mabatire. Sindinaikhudze, ndinangoti ndimuimbira. Koma mtima ukundikoka, poti ndili ndi antchito oyembekeza malipiro. Kodi kufufuza za anzako pa bizinesi kumalekezera pati, nanga kuba kumayambira pati? Ndikaikana flash imeneyi, ndidziwa bwanji chomwe akutiposera?

Nachisale wayankha:

Achimwene, musailowetse m'kompyuta yanu ngakhale kungosuzumira. Mndandanda wa makasitomala ndi mitengo yam'kati ndi katundu wa eni ake, ndipo wolandira amakhala pa mlandu limodzi ndi wotenga. Mu 2006 mayi wina wogwira ntchito ku likulu la Coca-Cola ku Atlanta, pamodzi ndi anzake, anafuna kugulitsa zinsinsi ku Pepsi. A Pepsi anangodziwitsa a Coca-Cola, apolisi ofufuza a ku America a FBI n'kulowererapo, mayiyo n'kugamulidwa zaka 8. Uber nayo mu 2018 inapereka kwa Waymo, kampani ya magalimoto odziyendetsa okha, masheya a madola pafupifupi 245 miliyoni pa mlandu wa injiniya yemwe anachoka ku Waymo ndi mafayilo 14,000 n'kudzalowa ntchito ku Uber. Amenewo ali ndi maloya ambirimbiri, nanga inu?

Za mnyamatayo, luso la m'manja mwake ndi lake, angapite nalo kulikonse. Koma wayamba ndi kukuonetsani flash musanamulembe n'komwe. Tsiku lodzachoka kwa inu adzanyamulanso ina.

Mlangizi_K wayankha:

Ndikugwirizana ndi mayi Nachisale, koma ndikufuna ndikhale pa funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Ntchito yanga ndi yofufuza za msika, ndipo chomwe chimandimvetsa chisoni n'choti anthu amalakalaka zobisika pomwe zapoyera sanaziyang'ane n'komwe.

Yambani ndi omwe anakukanani aja. Aimbireni, kapena apiteni, muwauze kuti simukudzawanyengerera, mukungofuna kuphunzira. Ambiri amaopa sitepe imeneyi chifukwa imawawa, koma paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Musafunse kuti "anakutchajani zingati" ayi. Funsani kuti, "Mutayala mapepala athu awiri a mitengo patebulo, chinakukopani kwa enawo n'chiyani?" Kenako khalani chete, ayankhule. Nthawi zambiri mumapeza kuti si mtengo wokha. Mwina enawo amalola kulipira pang'onopang'ono, mwina anayankha tsiku lomwelo inu mukuwerengetserabe, mwinanso pepala lawo linali lomveka kwa munthu wosadziwa zamagetsi.

Mwini nyumba akalola, pemphani muone zomwe anamuikira. Imani pafupi ndi batire muwerenge chomata chija. Ndi la lithium kapena la mtovu? Kukula kwake ndi komwe inu munalemba? Inverter, kachipangizo kosintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba, ndi ya mtundu wanji, mawaya ndi onenepa bwanji, chitsimikizo ndi cha zaka zingati? Mutha kupeza kuti simukugulitsa chinthu chimodzi n'komwe. Zikatero vuto lanu si kutsitsa mtengo, koma kufotokozera kasitomala chifukwa chomwe chanu chikukwerera.

Koma konzekeraninso kumva zowawa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Xerox inaona makampani a ku Japan monga Canon akugulitsa makina a fotokope pa mtengo woyandikana ndi ndalama zomwe Xerox inkawononga popanga ake. Itafufuza bwino inapeza kuti anzawowo ankapangadi motchipa, ndipo chofunika kukonza chinali m'mafakitale mwake momwe. Inunso mwina anzanuwo amaoda ambiri nthawi imodzi, kapena gulu lawo limamaliza nyumba tsiku limodzi pomwe lanu limatha awiri.

Zina n'zosavuta. Onani malonda awo pa Facebook ndi madandaulo omwe anthu amalemba pansi pake. Onani ntchito zomwe akulengeza: akafuna odziwa mapampu a madzi, dziwani kuti akulowera ku ulimi wothirira. Antchito anu oyenda kwa makasitomala amamva zambiri zomwe sizikufikani. Ikani kope limodzi loti aliyense azilembamo chomwe wamva, tsiku lake, ndi yemwe wanena. Tsikulo ndi gwerolo musazinyalanyaze, chifukwa mphekesera ikabwerezedwa kawiri muofesi imayamba kumveka ngati umboni.

Michael Porter, mphunzitsi wa za bizinesi ku yunivesite ya Harvard, m'buku lake la mu 1980, anati wopikisana naye umuone pa zinthu zinayi: zolinga zake, zomwe amakhulupirira za iye mwini ndi za msika, zomwe akuchita panopa, ndi mphamvu zomwe ali nazo. Kwa inu cholemera ndi choyambacho. Ngati cholinga chawo n'kulanda msika ngakhale akuluza, kuwatsatira kutsika ndi kudzipha, makamaka ngati thumba lawo ndi lakuya kuposa lanu.

Gogo_Akaunti wayankha:

Ana anga, ndiwonjezepo machenjezo awiri. Musatume munthu kukanamizira kukhala kasitomala kapena mtolankhani, ndipo musamalenso ndi omwe mwawatuma. Mu 2001 Procter & Gamble inaulula yokha kwa Unilever, kampani yopikisana nayo, kuti ofufuza omwe inawalemba ankafukula mabini a zinyalala kufuna mapulani a mankhwala a tsitsi, nkhani n'kuthera pa kulipira. Bungwe la akatswiri ofufuza za makampani opikisana nawo, SCIP, limalamula mamembala ake kunena zoona za dzina lawo ndi komwe akuchokera asanafunse munthu mafunso.

Chachiwiri, musaimbire mwini kampaniyo kuti mugwirizane mitengo kapena kugawana ntchito. Ambiri amaona ngati n'kukambirana mwaubale, koma m'mayiko ochuluka malamulo a mpikisano amaletsa zimenezo.

WaSola wayankha:

Zikomo nonse. Mnyamata uja ndamuuza kuti malo palibe. Mawa ndikukaonana ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina yomwe inatikana, ndipo avomera kundionetsa chipinda cha mabatire. A Mlangizi_K, akanditulutsira okha pepala la mitengo la enawo osapempha ine, ndiwerenge kapena ndikane?

Mlangizi_K wayankha:

Afunseni kaye ngati anapatsidwa mwachinsinsi, muonenso ngati palembedwa choncho. Ngati ayi, ndipo akukuonetsani mwa kufuna kwawo, werengani. Koma ngati ndi tenda yomwe sinatsekedwe, abwezereni musanatsegule.