Amayi akuti ndibaye mwana wawo Depo

CO (clinical officer) wa OPD, koonera odwala osagonekedwa: Anzanga thandizeni mutu waima. Lero kwabwera amayi ena ndi mwana wawo wamwamuna, watuluka m'ndende mwezi watha, anamangidwa pa defilement, mlandu wogona ndi mwana. Akuti mubayeni Depo, jekeseni ija ya family planning, mphamvu zimuthere chifukwa kunyumba kuli adzukulu atsikana atatu ndipo onse agona nyumba ya zipinda ziwiri. Amayi kugwada pa simenti akulira, mwiniwake zii maso pansi angosewera ndi kapu. Ndawauza abwere Lachinayi, manje ndikayankhe chani

Nesi wa MCH (za amayi ndi ana): Mubayeni chabe. Ana amene timaona ife akubwera ndi medical report ya ku polisi inu simuwaona.

Wa pharmacy: Sister imani kaye. Ya 150mg pa miyezi itatu ndi ya azimayi, kumene amabaya amuna otere dozi imakhala yaikulu ndipo pafupipafupi, ena amagwiritsa mankhwala ena, cyproterone kapena leuprolide. Mukaleka testosterone, hormone ya mphamvu zachimuna, imabwerera. Nanga mu register mulemba kuti client ndani?

Mdala wa theatre: Mwana wanga usayese. Penal Code section 138 ikamba za zaka 15 mpaka moyo wonse m'ndende, za jekeseni mulibe. Iwe si khoti. Munthu sanatsegule pakamwa ndiye consent ili kuti? HPCZ, bungwe lopereka malaisensi a azaumoyo ku Zambia kuno, ikakuitana amayi aja sadzabwera kukuimira.

Nesi wa MCH: Ku California anayamba kubaya olakwa otere 1996, South Korea 2011. Ife tiopa chani? Mwana wa zaka 6 anapereka consent?

Mdala wa theatre: Kumeneko kuli lamulo mayi. Ndipo ku Indonesia 2016 boma litavomereza, bungwe la madokotala linakana kubaya, ati ntchito yathu ndi kuchiritsa osati kulanga. Ine kale ndili kumudzi mfumu inandibweretsera mnyamata womangidwa ndi chingwe cha ng'ombe kuti ndimufule, ndinatseka chitseko mpaka polisi inafika madzulo, njinga yawo inali yophwa tayala.

Wa pharmacy: Komanso mafupa amafooka, mabere kutupa, depression. Adzamuyang'anira ndani zonsezi

Kaunsela: Chimene chindiopsa ine ndi chakuti mukabaya amayi aja adzagona tulo poganiza kuti zatha, kumusiya yekha ndi ana popita ku Soweto kukaoda tomato. Jekeseni simanga manja. Atuluke m'nyumba imeneyo choyamba, uzani social welfare ndi Victim Support Unit ya polisi, nambala yothandiza ana ya 116 ndi yaulere. Ngati iye mwini afuna thandizo, mufunseni payekha amayi ali panja, mulembere referral ya ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo.

Nesi wa MCH: Referral referral, transport alibe. Ine ndikanabaya.

Mdala wa theatre: Ndi laisensi yanu kapena yake?

Wa pharmacy: Mwa njira, alipo amene ali ndi Depo yotsala? Kwathu yatsala bokosi limodzi, azimayi tikuwapatsa mapilitsi