Zenera likukana fullscreen ndipo icon yasowa: Xlib pa makina a 64-bit

tambala64

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kapulogalamu ka C kamene kamaonetsa manambala a anthu odikira pamzere, pa TV yopachika kukhoma m'chipinda chodikiriramo cha kasitomala wina. Ndi Xlib yokhayokha (library yolankhulira ndi X server, pulogalamu yoonetsa mazenera pa Linux), mulibe GTK kapena Qt. Kakhala kakuyenda bwinobwino pa Raspberry Pi yakale ya 32-bit. Pano kasitomala wagula kakompyuta kakang'ono ka 64-bit, ndaikamo Debian ndi Openbox (window manager, pulogalamu yoyang'anira mazenera), ndapanga compile code yomwe ija, basi zinthu zasokonekera.

Zenera silikudzaza sikirini, likungokhala pakona ndi kamutu kake pamwamba. Icon sikuoneka pa panel, ndipo nthawi zina pulogalamu ikumafa ndi segfault (kukhudza memory yosakhala yake) ikangoyamba. China ndi chaching'ono koma chikundichititsa manyazi: pamutu pa zenera pali dzina la dziko lathu, ndiye m'malo mwa Malaŵi pakutuluka MalaÅµi.

Fullscreen ndimaipempha poika _NET_WM_STATE_FULLSCREEN mu _NET_WM_STATE ndi XChangeProperty. Icon ndi ya 48 x 48, ili mu array ya uint32_t, format 32. Mutu ndimaika ndi XStoreName.

gogo_wa_C

Achimwene, tiyambe ndi icon chifukwa ndiyo ikukupherani pulogalamu. Mu Xlib, mukanena format 32 sindiye kuti mupereke manambala a ma byte 4. Xlib imayembekeza array ya long. Pa Pi yanu long inali ma byte 4, ndiye uint32_t ndi long zimangofanana. Pa Linux ya 64-bit long ndi ma byte 8. Deta ikamapita kwa X server imakhalabe ya 32-bit, koma Xlib poitola m'memory mwanu imadumpha ma byte 8 pa nambala iliyonse n'kutenga theka lammunsi lokha.

Tawerengani nokha. _NET_WM_ICON imayamba ndi m'lifupi, kenako msinkhu, kenako ma pixel a ARGB. 48 x 48 ndi 2304, kuphatikiza ziwiri zoyambazo ndi 2306. Array yanu ili ndi ma byte 9224, koma Xlib ikuwerenga 18448. Theka lachiwirilo ndi memory ya eni ake. Tsiku lina idutsa osaphulika, tsiku lina ayi.

Musanasinthe kanthu, lembani izi mu terminal n'kudina pazenera lanu, mutiuze manambala oyambirira:

`xprop -notype 32c _NET_WM_ICON`

tambala64

Gogo, zatuluka 48, 0, 0, 0, 0, ndiye kenako manambala aataliatali.

gogo_wa_C

Mwaiona? 48 yachiwiri yadumphidwa. Pamalo pa msinkhu pakhala pixel yanu yoyamba, yomwe ndi 0 chifukwa pakona ya icon palibe mtundu. Window manager akuona chithunzi cha 48 x 0, ajambula chiyani? Sinthani array ikhale ya unsigned long, mukoperemo ma pixel imodziimodzi ndi loop. Osagwiritsa memcpy, ibweretsa vuto lomwe lija. Nambala yomaliza ya XChangeProperty ikhale 2306, kuchuluka kwa zinthu osati kwa ma byte, ndipo type ndi XA_CARDINAL.

Muyang'anenso paliponse pamene mukuwerenga ndi XGetWindowProperty, msampha ndi womwewo mbali inayo. Format ikabwera 32, zomwe mwalandira ndi ma long. Ndinaonapo munthu akuwerenga _NET_FRAME_EXTENTS ngati uint32_t, n'kumadabwa kuti malire akumanja ndi apansi akungotuluka 0. Ndipo zomwe XGetWindowProperty yakupatsani muzizibweza ndi XFree. Pulogalamu yoyenda tsiku lonse ngati yanuyo, kadontho kakang'ono ka memory kamadzaza ndowa.

nachisale_dev

Za fullscreen ndili ndi funso, atambala. Mwati code ndi yomwe ija. Pakati pa XMapWindow (yotulutsa zenera pa sikirini) ndi XChangeProperty palibe chimene mwawonjezera? Ngakhale XSync, kapena kudikira event ina yake?

tambala64

Pali kamzere kamodzi, achemwali. Ndinaika loop yodikira MapNotify kuti ndidziwe kukula kwa zenera ndisanasankhe kukula kwa zilembo, chifukwa TV yatsopanoyi ndi yaikulu. XChangeProperty ikubwera pambuyo pa loop imeneyo.

nachisale_dev

Ndiye apa 64-bit ilibe mlandu. Code yakaleyo inkayenda mwamwayi chabe.

Xlib situmiza pempho lililonse nthawi yomweyo, imaunjika mu buffer. Kale XMapWindow ndi XChangeProperty zinkanyamuka limodzi. Window manager ndi amene wagwira SubstructureRedirect pa root window (zenera lalikulu la sikirini yonse), choncho zenera lanu silituluka lokha: iye amalandira MapRequest, n'kupita kukawerenga ma property anu, kenako n'kulitulutsa. Pomafika kukawerengako ankapeza FULLSCREEN yafika kale kwa seva, n'kuilemekeza. Pano mwadikira mpaka zenera latuluka, ndiye mukulemba property pamene iye anawerenga kalekale.

Malamulo a EWMH, aja a freedesktop.org, amanena zomveka pa nkhaniyi. Zenera lisanapangidwe map, _NET_WM_STATE ndi yanu, lembani nokha. Likangotuluka, property imeneyo yakhala ya window manager, inu mumangopempha potumiza ClientMessage. Mukailemba mwamakani, xprop ikuonetsani FULLSCREEN bwinobwino pamene zenera lili phee pakona, mpaka mutu kuzungulira.

Njira yachidule kwa inu ndi kukweza XChangeProperty ija pamwamba pa XMapWindow. Koma ngati mukufunanso batani lotulukira mu fullscreen kuti wokonza makina azitha kufika pa desktop, muyenera ClientMessage. Mu event muike window ikhale zenera lanu, message_type ikhale _NET_WM_STATE, format 32. Mu data.l yoyamba ndi 1 powonjezera, 0 pochotsa, 2 potembenuza. Yachiwiri ndi atom (nambala yoimira dzina mu X) ya _NET_WM_STATE_FULLSCREEN, yachitatu 0, yachinayi 1 kusonyeza kuti pempho lachokera ku pulogalamu wamba. Potumiza:

`XSendEvent(dpy, root, False, SubstructureRedirectMask | SubstructureNotifyMask, &ev);`

Taonani kuti ikupita ku root, osati kuzenera lanu. Ambiri amagwa pamenepo. Ndipo XEvent ija muyambe mwaipukuta ndi memset.

mjomba_linux

Ine zonsezi ndikuona ngati kuvutika ndi zinthu zosavuta. Ndi TV ya pakhoma, palibe amene adzakhudze mbewa. Ikani override_redirect ikhale True, zenera mulipatse kukula kwa sikirini, window manager asalowererepo n'komwe. Mizere iwiri, mwaweruka. Icon nayo ya chiyani pa chinthu chimene palibe adzachione pa panel?

nachisale_dev

Amjomba, override_redirect anaipangira ma menu ndi ma tooltip, tinthu totuluka kamphindi n'kuzimiririka. Mukaiika pazenera lalikulu, window manager salidziwa, ndiye salipatsa focus ya kiyibodi, kutanthauza kuti zodina pa kiyibodi sizilifika. Atambala, nambala yotsatira imaitanidwa bwanji?

tambala64

Pa desiki pali kiyibodi yaing'ono ya manambala ya USB. Mayi wa pa desikiyo amadina Enter.

nachisale_dev

Ndi zimenezotu. Mungayambe kulimbana ndi XSetInputFocus kapena XGrabKeyboard nokha, ndipo tsiku limene kabokosi kena katulukire pansi pa zenera lanu n'kulanda focus, Enter idzasiya kugwira anthu ali mbwee pabenchi. Komanso TV ikazima n'kuyakanso resolution n'kusintha, window manager amakonza yekha zenera la fullscreen. La override_redirect muzikalondola nokha ndi XRandR.

mjomba_linux

Pa kiyibodi mwandigwira. Koma ndikanakhala ine ndikanachotsa window manager yense, startx iziyambitsa pulogalamu yokhayo basi.

gogo_wa_C

Zimenezo zimatheka, amjomba, bola munthu adziwe kuti popanda window manager ma _NET_ onsewa ndi zolemba zopanda woziwerenga. X server sadziwa tanthauzo la FULLSCREEN. Iye amangosunga dzina, type, format ndi deta, n'kuuza amene anapempha kuti china chasintha. X11 inatuluka mu 1987 ili choncho dala, seva amapereka zida, malamulo a kakhalidwe ka mazenera anawasiyira ena. N'chifukwa chake kunabwera malamulo a ICCCM, kenako a EWMH pamwamba pake.

Achimwene atambala, ngati pulogalamuyi mudzaiika kwa makasitomala ena, izifunsa kaye. Pa root pali _NET_SUPPORTING_WM_CHECK yosonyeza kuti pali window manager womva EWMH, ndi _NET_SUPPORTED yomwe ndi mndandanda wa zomwe amatha. Yesani `xprop -root _NET_SUPPORTED` muone. FULLSCREEN ikapanda kupezekamo, pamenepo ndiye mugwere ku njira ya amjomba.

Kanthu kena: poitana XInternAtom, True pamapeto paja amatanthauza "ndipatse pokhapokha ngati ilipo kale". Pa X yongoyamba kumene, magetsi atangobwera, pulogalamu yanu ikhoza kutsogola window manager asanalenge ma atom amenewo. Mulandira None, kenako BadAtom. Ikani False. Ndipo error ya X imafika mochedwa, mzere umene ikuloza nthawi zambiri si umene walakwa. Pofufuza muziyamba ndi XSynchronize kuti pempho lililonse lidikire yankho lake. Mukamaliza muichotse, imachedwetsa.

nachisale_dev

Tisaiwale mutu uja. XStoreName imalemba WM_NAME ndi type ya STRING, ndipo STRING mu X ndi Latin-1. Mu Latin-1 mulibe ŵ. Fayilo yanu ili mu UTF-8, momwe ŵ ndi ma byte awiri, C5 ndi B5, ndiye akawerengedwa ngati Latin-1 amasanduka Å ndi µ, ndendende zomwe mukuonazo. Pa Pi vutoli linalipo, kungoti fullscreen inkabisa mutu.

Lembani _NET_WM_NAME, type ikhale atom ya UTF8_STRING, format 8, PropModeReplace, kuchuluka kwake ndi strlen. Apa mukuwerenga ma byte osati zilembo. WM_NAME muisiye ilipo ndi w wamba, ithandize mapulogalamu akale amene sadziwa inayo.

mjomba_linux

Funso la mwana wasukulu: bwanji osangosamukira ku XCB, library ina yogwira ntchito ya Xlib? Ndimamva kuti kumeneko 32 ndi 32.

gogo_wa_C

Ndi zoona, xcb_change_property imatenga uint32_t zenizeni, array ya atambala ikanayenda mmene ilili. Koma kulembanso pulogalamu yonse chifukwa cha loop ya mizere itatu, kasitomala salipira zimenezo. Ikanakhala ntchito yatsopano ndikanati SDL2, izi zonse imakuchitirani, ndipo imayendanso pa Wayland, njira yatsopano yolowa m'malo mwa X. Paja Raspberry Pi OS ya Bookworm inabwera ndi Wayland pa Pi 4 ndi Pi 5, ndiye amene muli ndi ma Pi kumalo a makasitomala muzikumbukira kuti pulogalamu ya Xlib kumeneko ikudutsira mu XWayland, X server yoyenda mkati mwa Wayland. ClientMessage ya fullscreen imamvekabe, koma xprop siona mazenera a Wayland enieni.

tambala64

Zatheka, akuluakulu. xprop ikuonetsa 48, 48, icon yabwera, valgrind (chida chofufuzira zolakwika za memory) yasiya kudandaula za invalid read. Property ndaikweza pamwamba pa XMapWindow, F11 ndaipatsa ClientMessage ya 2, ndipo ŵ wakhala bwino pamutu. Zikomo kwambiri gogo, zikomo achemwali.

Katsala kamodzi. Loop yanga ya MapNotify nthawi zina ikundipatsa kukula kwakale, zilembo n'kutuluka zazing'ono pa sikirini yonse.

nachisale_dev

Loop imeneyo ichotseni. MapNotify imangokuuzani kuti zenera latuluka, sikulonjeza kuti kukula kwake kwakhazikika. Muli kale ndi StructureNotifyMask, poti ndi imene ikukupatsani MapNotify, ndiye ConfigureNotify ikukufikani: nthawi iliyonse ikabwera ndi width kapena height yosiyana ndi imene munasunga, werengeraninso zilembo n'kujambulanso. Zikatero F11 ndi TV yosintha resolution zonse zidutsira khomo limodzi.

Ngati mukufuna kudziwa ngati muli mu fullscreen, musasunge kanambala kanu kongoganizira, window manager akhoza kukana pempho. Onjezani PropertyChangeMask mu XSelectInput, PropertyNotify ikabwera ya _NET_WM_STATE muiwerengenso, poti event imangonena kuti yasintha, sinyamula deta. Samalani kuti XSelectInput imafafaniza mask yakale, ndiye muike zonse pamodzi. Poyesa, tsegulani `xprop -spy _NET_WM_STATE` mu terminal ina muziona ikusintha mukamadina F11.

mjomba_linux

Musanachoke kwa kasitomala, muike `xset s off` ndi `xset -dpms` mu autostart ya Openbox. Apo ayi, pa desiki pakangokhala zii kwa mphindi khumi sikirini ida, foni yanu iyamba kulira.