Matole aja amimba yaikulu: zomwe zachitika

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa chifukwa chomwe matole anga a ng'ombe zamkaka ankangotupa mimba osakula, chonsecho amadya udzu wouma tsiku lonse.

Ndinatsata malangizo a awo amene anati ndichepetse udzu, ndiike patsogolo chakudya choyambira cha matole chokhala ndi zomanga thupi 18 mpaka 20 peresenti. Ongobadwa kumene ndimawaikira kadzanja kamodzi m'sabata yoyamba, nkumataya chotsala m'mawa uliwonse poti chikachita chinyezi sachifuna. Panopa mimba zaphwa, ubweya ukusalala, ndipo tepi yoyezera pachifuwa ikuonetsa kuti akukwera sabata ndi sabata. Kubzikula ayambanso msanga.

Chifukwa chake nchakuti chifu chachikulu cha thole chimabadwa chosakhwima. Timinofu ta m'kati mwake toyamwa chakudya timakula ndi ma asidi otuluka mbewu za m'chakudya choyambiracho zikamasasa m'chifumo. Udzu umangochitanula chifucho. Komabe amene anati ndiuchotseretu sindinawatsate. Wodulidwa mwaufupi ndimawasiyirako pang'ono, chifukwa umateteza chifu ku asidi wochuluka.

Chimene ndikufuna mnzanga wotsatira asachiphonye ndi madzi. Thole likamayamwa, mkaka umalambalala chifu chachikulu, choncho tizilombo tosasitsa chakudya timadalira madzi akumwa okha. Nditaika madzi oyera nthawi zonse, kadyedwe kanakwera moonekeratu.

Posiyitsa mkaka sindikuwerenganso msinkhu wokha. Ndimadikira thole lizitha kilogalamu 1 mpaka 1.5 ya chakudya choyambiracho patsiku kwa masiku 3 otsatizana, kenako ndimachepetsa mkaka pang'onopang'ono.